Kutsata mawaya, kuchoka ku Mitundu mpaka ku Kapichira

Lolemba, Salima

Ndafika ku Salima cha m'ma 2 koloko masana, thukuta lili kamukamu. Ulendo weniweni ndi wa ku Chikwawa kukazonda azakhali amene akhala akudwaladwala, koma ndinawauza bambo kuti sindidzera msewu wa ku Ntcheu monga mwa masiku onse. Ndizungulira, kuti ndikaone ndi maso anga kumene magetsi a dziko lino amachokera. Kunyumba takhala tikukokanakokana miyezi itatu tsopano pa nkhani ya chigayo.

Chigayo chathu chili kumudzi, kupitirira Mitundu, ndipo chimayendera dizilo. Bambo anachigula ine ndili sitandade 6, ndipo ndi chimene chatiphunzitsa tonse anayi. Zaka zapitazi chakhala chikugona masiku ambiri. Injini ili bwinobwino, vuto ndi mafuta. Achimwene amadzuka mbandakucha kukaima pamzere, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja. Amayi a m'mudzi amafika ndi chimanga pamutu, n'kupeza loko pachitseko, n'kubwerera kukasinja mumtondo. Ine ndikuti tigulitse injiniyo tiike sola. Bambo akuti sola ndi ya wailesi ndi kutchaja foni, singazunguze chigayo. Achimwene akuti tidikire mapolo a magetsi, omwe panopa ali makilomita anayi kuchokera kwathu.

Madzulo ndinakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Nanjoka, komwe kuli malo opangira magetsi a dzuwa. Mkati sindinalowe, ndinangoima kunja kwa mpanda, koma kumeneko kunakwanira. Mapanelo andanda mizeremizere mpaka pomwe maso alekezera, akuda ngati nyanja kukamabwera mvula. Malo amenewa ndi a kampani ya JCM Power ya ku Canada, anatsegulidwa mu 2021 ndi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, ndipo amatulutsa mamegawati 60. Kuti mumvetse kukula kwake, makina onse a madzi a EGENCO, kampani ya boma yopanga magetsi, mukawaphatikiza sakwana mamegawati 400.

Chimene chinandigwira mtima ndi bata. Ine ndinakulira m'phokoso la injini, moti kwathu ukafuna kulankhula ndi munthu kuchigayo umachita kumukokera panja. Apa pali mphamvu yoyendetsa zigayo zikwizikwi, koma ndinkamva njiwa zikulira.

Mnyamata wa kabaza anandiyang'ana ndikujambula, nati, "Amayi, pano panali minda. Komatu dzuwa likangolowa zonsezi zimagona." Ndinamufunsa ngati kwawo kuli magetsi. Anapukusa mutu. Ali ndi kapanelo kamodzi padenga la udzu, kotchajira mafoni a anthu pamtengo wochepa. Magetsi a kuseri kwa mpandawo amakwera mawaya akuluakulu n'kumapita, iye n'kumangowaona akudutsa pamwamba.

Lachiwiri, Salima kupita ku Liwonde

Msewu wa m'mbali mwa nyanja, kudzera ku Chipoka, Mtakataka ndi Mua. Minibasi inachedwa kunyamuka chifukwa dalaivala anali kusaka mafuta, ndipo itanyamuka nkhani ya m'galimoto monse inali yomweyo. Bambo wina wachikulire amene anakhala pambali panga anayendetsapo mathanki a mafuta zaka zambiri. Anandiwerengera njira zake ndi zala: Dar es Salaam, Beira, Nacala. Dontho lililonse la dizilo limene bambo anga amathira mu injini laoloka nyanja yamchere, layenda masiku pamsewu, ndipo lagulidwa ndi madola. Madolawo ndi omwe aja timawapeza tikagulitsa fodya, tiyi ndi shuga, omwe akufunikanso pa feteleza ndi mankhwala a m'chipatala. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife kuchigayo tinazimva sabata yomweyo. Tinakweza mtengo wogayitsira ndowa, ndipo amayi ena anayamba kubwera ndi theka.

Ndinatsika pa Golomoti. Pano palinso sola ya kampani yomwe ija, ya mamegawati 20, yomwe inayamba ntchito mu 2022. Ndi yaying'ono poyerekeza ndi ya ku Salima, koma ili ndi chinthu chimene mnyamata wa dzulo uja ankadandaula kuti kulibe: mabatire. Amasunga mphamvu masana n'kuitulutsa ikafunika, mamegawati 5 kwa maola awiri. Maola awiri si usiku wonse, ndipo pamenepa mpamene pagona nkhani. Dzuwa limawala kwambiri nthawi imene anthu ali kumunda ndi kuntchito, pomwe magetsi amafunika kwambiri chakumadzulo, aliyense akamayatsa nyale ndi kuteleka poto. Kuti udzaze mpata umenewo umafuna mabatire, kapena madzi, kapena dizilo.

Dizilo tinamuyesapo monga dziko. Madzi a m'nyanja atatsika mu 2016 ndi 2017, magetsi ankazima tsiku lathunthu, ndipo mu 2018 kunabwera majenereta obwereka a kampani ya Aggreko, a mamegawati 78. Anathandiza kuyatsa, inde, koma magetsi ake anali okwera mtengo kwambiri kuposa a madzi, ndipo mgwirizano wake unakhala nkhani ya m'nyuzipepala mpaka pomwe unatha mu 2022. Jenereta imabwera msanga, n'chifukwa chake atsogoleri amaithamangira anthu akamakuwa. Ndalama yake imatuluka pambuyo, mwezi ndi mwezi.

Nditakweranso galimoto ndinaganiza za chinthu chimodzi chimene sindinachiganizepo miyezi itatu yonseyi. Chigayo sichigaya usiku. Anthu amabwera dzuwa litatuluka, amachoka lisanalowe. Ndiye kuti ife mabatire aakulu sitikuwafuna. Ndalemba zimenezi pachikuto cha kope langa kuti ndisaiwale powauza bambo.

Lachitatu, Liwonde

Lero sindinayende ulendo. Ndinakhala m'mawa wonse pa Kamuzu Barrage, pomwe msewu wa ku Zomba umaoloka Shire. Anthu ambiri amangodutsapo ngati mlatho wamba, koma pansi pake pali zitseko zachitsulo zimene zimatsekula ndi kutseka madzi. Anaumanga mu 1965, chaka chimodzi makina a madzi a Nkula A asanayambe kutulutsa magetsi. Madzi ambiri amene amazunguza makina ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira amayamba adutsa pano. Ndinaima n'kumayang'ana madziwo akuwira kunsi kwa zitseko, ndipo ndinachita mantha pang'ono poganiza kuti pafupifupi dziko lonse lakoleka magetsi ake pa mtsinje umodzi. Akuluakulu a mbiri amatiuza kuti Shire yemweyu analeka kutuluka m'nyanja kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935. Zinachitikapo.

Kumtunda kwa mlatho kuli chingwe choyandama chimene chimatchinga namasupuni ndi udzu. Ndinaona zilumba zathunthu za zomera zikubwera pang'onopang'ono, zina zili ndi akakowa ataima pamwamba, n'kudzakodwa pachingwepo, makina n'kumazivuula. Zikapanda kuvuulidwa zimakatseka polowera madzi ku Nkula. Msodzi wina amene ankasoka ukonde wake anandiuza kuti nthawi ya dzinja madziwa amasanduka ofiira ngati thobwa. Dothi la m'minda ya kumtunda, feteleza yemwe, zonse zimathera muno. Namasupuni amanenepa ndi feteleza ameneyo.

Cha m'ma 11 koloko ndinamva kulira kwa sitima. Inali ya malasha. Ndinayamba kuwerenga mabogi koma ndinasokonezeka nditadutsa 70, iyo ikupitabe. Onse odzaza, akuda bii. Malasha amenewa amachokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amalowa m'dziko muno, amadutsa pa Nkaya ndi pano pa Liwonde, n'kutulukira pa Nayuchi kupita kudoko la Nacala. Njanjiyi, ya makilomita oposa 900, inakonzedwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil, yomwe mu 2022 inagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa kampani ya Vulcan. Kuchoka ku Nacala malashawo amakwera zombo kukayaka m'mafakitale a kutsidya kwa nyanja.

Ana anali kuibayibitsa sitimayo. Ine ndinali ndi kamkwiyo. Mphamvu yochuluka chonchi ikudutsa pakati pa midzi imene usiku imaunikira tochi ya mabatire. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi a mawaya. Ndikumvetsa tsopano chifukwa chimene anthu ena amati, nanga ife tilekerenji kuwotcha malashawa?

Lachinayi, Liwonde kupita ku Blantyre kudzera ku Zalewa

Ndinabwerera ku Balaka n'kukalowa msewu waukulu wa M1. Chakufupi ndi Phalula kuli siteshoni ya Phombeya, nkhalango ya zitsulo ndi mawaya. Inamangidwa ndi thandizo la dziko la America kudzera ku Millennium Challenge Corporation, ndipo ndi pomwe pafikira mawaya a makilomita 218 ochokera ku Matambo, ku Tete, olumikiza Malawi ndi magetsi a ku Mozambique. Magetsi ogula kwa anansi nawonso amafuna ndalama zakunja. Kulikonse kumene ndapita sabata ino, nkhani ikumathera pa madola.

Kenako Kam'mwamba, m'boma la Neno. Ndinapempha kondakitala kuti anditsitse, ndipo anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa kumene ndikupita. Dzina limeneli ndakhala ndikulimva pawailesi zaka zoposa khumi. Pano ndi pomwe panayenera kumangidwa makina a malasha a mamegawati 300, omanga ake kampani ya Gezhouba ya ku China, ndalama yake ngongole yochokera kubanki ya boma la China, malasha ake a ku Moatize omwe aja. Ndapeza msika, mbuzi, dzuwa loswa mtengo, ndi anthu ogulitsa masawu ouma. Makina palibe. Mu Seputembala 2021, Pulezidenti Xi Jinping analengeza ku United Nations kuti China sidzamanganso makina atsopano a malasha kunja kwa dziko lake. Mabanki a azungu anali atatseka kale khomo limenelo.

Pa nkhani iyi mtima wanga uli pawiri, ndipo ndinena zonse. Zimandipweteka kuti mayiko amene analemera powotcha malasha zaka mazana awiri, ndipo ena akuwotchabe omwe ndawaona dzulo, ndi amene akusankha zimene Mmalawi angabwerekere ndalama ndi zimene sangabwerekere. Utsi umene watentha dziko lapansi si wathu. Ife gawo lathu ndi anamondwe. Koma ndikakhala pansi n'kuwerengera ngati mwana wa mwini chigayo, Kam'mwamba akanakhala injini ya bambo anga yomwe ija, kungoti yaikulu. Malasha tikanamagula kunja tsiku ndi tsiku, ndi madola amene tilibe, kuwonjezera pa ngongole yomangira. Tsiku losowa madola likanakhala tsiku la mdima. Sindikulira kuti sanamangidwe. Chimene ndikulira ndi zaka zimene zinatha tikuyembekezera, pomwe zina zikanamangidwa.

Kuchoka apo mpaka pa Zalewa, matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu, ataliatali, osokedwa ndi luzi kumutu. Anyamata akukankha njinga zosenza matumba atatu, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Mapiri a kumbuyo kwawo ndi mbee, ometedwa. Ndinacheza ndi mayi wina wogulitsa, wamsinkhu ngati wanga, mwana kumbuyo. Ndinamufunsa ngati saopa, poti lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020.

"Achemwali, kuopa timaopa. Akatilanda timalira, mawa n'kuyambiranso. Chimanga chaka chino sichinachite. Ndiye ana adye chiyani? Ndipotu ogula si ife, ndi a m'tauni omwe ali ndi magetsiwo."

Ananena zoona. Ngakhale ine ndikakhala kwa msuweni wanga ku Lilongwe, nyemba timaphika pambaula. M'dziko muno nyumba zoposa 9 pa 10 zilizonse zimaphikira nkhuni kapena makala. Akuluakulu akamakangana m'misonkhano za dzuwa ndi malasha, mphamvu imene Malawi akugwiritsa ntchito kwenikweni ndi mitengo. Ndipo Nkula ali pomwepa, kunsi kwa mlatho wa Zalewa. Mtengo ukadulidwa kumtunda, dothi limatsika ndi mvula n'kudzaza damu, makina n'kuchepa mphamvu, magetsi n'kuzima m'tauni, wa m'tauni n'kutuma mwana kukagula makala ena. Ndinaona chingwe chonsecho nditaima malo amodzi.

Lachisanu, Blantyre

Tsiku la mitengo ya zinthu. Ndinayenda m'masitolo atatu ogulitsa zipangizo za sola ku Limbe ndi m'tauni, nditanyamula pepala limene achimwene analembapo kukula kwa injini yathu. Onse anati n'zotheka: mapanelo, invita yosinthira magetsi a mapanelowo, ndi mota ya magetsi m'malo mwa injini. Wina anandilangiza kuti chigayo chochepera pang'ono, chogaya maola ambiri, chimayenda bwino pa sola kusiyana ndi chachikulu chofuna mphamvu zambiri pakamodzi. Ananenanso mosabisa kuti masiku a mitambo, mu Januwale ndi Febuluwale, ntchito idzachepa.

Atalemba mtengo wonse papepala, ndinakhala kaye chete. Ndinawerengera pa foni: ndi ndalama imene timawononga pa dizilo kwa zaka ziwiri ndi theka. Zikatha zaka zimenezo, dzuwa sililipiritsa, ndipo mapanelo amakhala zaka zoposa 20. Aliyense wodziwa masamu angati gulani lero. Koma ndalama ya zaka ziwiri ndi theka pamodzi ife tiitenga kuti? Dizilo amalola kugula malita asanu lero, asanu mawa. Sola imafuna zonse tsiku limodzi. Kubanki, chiwongoladzanja chimene banki yaikulu ya Reserve inaika mu 2024 chinali 26 peresenti, ndipo wobwereka wamba amalipira choposa pamenepo. Ngongole yotere imadya phindu lonse la sola lisanaoneke.

Ndili m'minibasi ya ku Chikwawa ndinazindikira kuti boma nalo lili pa mphambano yomweyi. Damu ndi sola zimafuna ndalama zambiri poyamba, kenako zimatsika mtengo. Dizilo amafuna zochepa poyamba, kenako amakuyamwa mpaka kalekale. Wosauka amagula chodula chifukwa alibe ndalama yogulira chotchipa. Ngakhale sola ya ku Salima, amene anaimanga anaika madola, ndipo ayenera kubwezeredwa madola.

Tinatsika zitunda za ku Thabwa dzuwa likupendeka, chigwa chonse cha Shire chili poyera kunsi, mtsinje ukunyezimira. Kutentha kunatilandira tisanafike pamlatho.

Loweruka, Kapichira

Azakhali ndawapeza ali bwinoko, akutha kukhala pamkeka ndi kudya phala. Mwana wawo wamwamuna anandinyamula panjinga yamoto kupita ku Majete, komwe munthu amatha kuona mathithi a Kapichira ndi damu lake.

Pano ndi pomwe pali makina otsiriza pa Shire, a mamegawati pafupifupi 130. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana anagwetsa mvula yoopsa kumtunda, madzi anasefukira n'kugumula khoma la damu, ndipo makina onse anaima. Usiku umodzi dziko linataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake a madzi. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapereka madola 60 miliyoni okonzera, ndipo magetsi a pano anabwerera mu 2023, chaka chomwe namondwe wa Freddy anapha anthu mazanamazana kum'mwera kuno. Chaka chonse chija cha mdima, majenereta a dizilo ndi amene ankalira m'matauni, pa nthawi yomwe mafuta ankasowa.

Msuweni wanga anandilozera pomwe madzi anadutsa. Iye usiku umenewo anali padenga la sukulu ndi ana ake awiri. Sanafotokoze zambiri, anangoti madziwo ankalira ngati sitima. Tinakhala pamwala kwa kanthawi osalankhula. M'mphepete mwa damu mukuoneka milu ya mchenga ndi matope, dothi lomwe lija ndinaliona likuchoka m'mapiri a ku Neno. Walira mvula walira matope, akuluakulu anatero, ndipo pano mawuwo ndi enieni. Magetsi a madzi ndi otchipa, ndi athu, safuna sitima yochokera kunja, koma chilala chikabwera amafooka, chigumula chikabwera amasweka, ndipo zonse ziwirizi zikubwera pafupipafupi kusiyana ndi kale.

Kumtunda kwa pano, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, ndi ku Mpatamanga, komwe akufuna kumanga damu la mamegawati oposa 350. Mu Meyi 2025 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 350 miliyoni othandizira ntchitoyi, ndipo muli makampani a ku France, EDF ndi TotalEnergies. Chimene chandikopa pa Mpatamanga n'chakuti adzasunga madzi masana n'kuwatsegula madzulo. Ndiye kuti Salima ndi Golomoti azigwira ntchito dzuwa likamawala, madzi akupuma, kenako madzi n'kulandira dzuwa likalowa. Mnyamata wa kabaza wa ku Nanjoka yankho lake ndi limeneli. Nkhawa yanga ndi iwiri. Ndi Shire yemweyo, dzira linanso m'dengu lomwelo. Ndipo pali mabanja amene adzasamutsidwe, omwe ndikufuna adzakhale oyamba kuyatsa getsi, asadzangoona mawaya akudutsa pamwamba.

Pobwerera tinadutsa minda ya nzimbe ili biriwiri. Msuweni anandikumbutsa kuti ku Nchalo amawotcha zotsalira za nzimbe n'kupanga magetsi a fakitale, ndipo kuno ku Chikwawa kampani ya PressCane imatcheza ethanol amene amasakanizidwa ndi petulo. Malawi anayamba kusakaniza chonchi mu 1982. Njinga yomwe tinakwerayo inali kuyendera nzimbe pang'ono.

Lamulungu, kwa azakhali

Titachoka kutchalitchi ndinawaimbira bambo. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira ku Nanjoka mpaka pepala la ku Limbe. Anamvetsera osandidula, zomwe sachita kawirikawiri. Nditatchula za Mpatamanga ndi za mapolo amene achimwene akudikira, anati, "Mwanangu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za madamu tizimva pawailesi. Undiuze za pepalalo."

Ndinawawerengera mtengo. Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti foni yaduka. Kenako anafunsa ngati wa sitolo uja angalole kulipira kawiri, theka tsopano, theka tikagulitsa soya. Anafunsanso ngati gulu la banki mkhonde la amayi lingabwereke gawo lina, poti amayi omwewo ndi amene amavutika chigayo chikatsekedwa. Koma injini anakana kugulitsa. Akuti ikhale pakona, yophimbidwa ndi lona, ya masiku a mitambo.

Azakhali, amene ankamva zonse ali gone pamkeka, anadzutsa mutu nati ndiwauze achimwene awo, bambo anga, kuti ng'ombe ziwiri zija anawasungira ku Mitundu, imodzi agulitse. Bambo anamva okha pa foni. Anati tikambirana ndikafika.

Mawa ndikwera basi ya m'mawa. Ndidzatsika ku Limbe kukafunsa za kulipira kawiri, ndi kuyeza ngati mapanelo onsewo angakwane padenga la chigayo kapena tidzafunika kuwamangira pansi, kuseri kwa khola.